Kuganiza Kwambiri: Zoyenera Kuchita Maganizo Akamakusowetsani Tulo

Anthu ambiri amafika kuchipatala akudandaula za mutu wosatha, kuthamanga kwa mtima ndi kusowa tulo, koma akayezedwa amapezeka kuti alibe malungo, ndipo akafunsidwa modekha amayankha kuti akungoganiza kwambiri. Yankho limeneli si lofunika kulipeputsa. Munthu akakhala ndi nkhawa, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, timene timafulumizitsa mtima ndi kuumitsa minofu kuti munthuyo athe kuthawa choopsa. Vuto ndi lakuti thupi silisiyanitsa galu wolusa ndi lendi imene yatsala masiku atatu. Galu mumamuthawa n'kupuma, koma ngongole ya katapila mumagona nayo n'kudzuka nayo, motero thupi limakhala chilili kwa milungu yambiri mpaka kutopa.

Pali kuganiza kofuna njira, ndiponso pali kuganiza kongozungulira pamodzimodzi. Taganizirani mayi wogulitsa tomato ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe amene wagona, magetsi azima, koma m'mutu mwake mukubwera fizi ya mwana, chopereka cha banki mkhonde, matenda a amayi ake kumudzi ndi mawu amene mlamu wake anamulankhula pamaliro. Zonsezi zikubwera nthawi imodzi, ndipo palibe chimene angachithetse pakati pa usiku. Chimene chingamuthandize ndi kutenga kope masana, kulemba mavutowo limodzilimodzi, kenako kupatula amene angachitepo kanthu sabata ino ndi amene sali m'manja mwake. Pa amene angachitepo kanthuwo asankhe limodzi lokha, makamaka lopepukirapo, alembe njira ziwiri kapena zitatu zolithetsera, asankhe imodzi ndi kuika tsiku loichita, monga kukaonana ndi aphunzitsi aakulu Lachiwiri kukapempha kuti fizi azilipira pang'onopang'ono. Amene satha kulemba angachite zomwezi pokambirana ndi munthu amene amamukhulupirira.

Njira imeneyi si yongopeka. Ndiyo maziko a Friendship Bench, ntchito imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare, kumene agogo aakazi ophunzitsidwa bwino amakhala pa benchi panja pa chipatala n'kumathandiza anthu kuthetsa mavuto awo limodzilimodzi. Ku Zimbabweko vutoli amalitcha kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri komweku.

Maganizo akabwera usiku, musalimbane nawo kuti achoke, chifukwa amabwereranso mwamphamvu. Ndi bwino kuwaikira nthawi yawo, mwina mphindi 15 madzulo dzuwa lisanalowe, ndipo akabwera pa nthawi ina muzidziuza kuti mudzawaona pa nthawi yawoyo. Mtima ukamathamanga, kokani mpweya m'mphuno mukuwerenga mpaka 4, n'kuutulutsa pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6, kwa mphindi zingapo. Samalaninso mawu amene mumadzilankhula nokha. Kunena kuti "ndine wolephera" n'kosiyana ndi kunena kuti "malonda a mwezi uno sanayende", pakuti mawu oyambawo amatseka njira zonse pamene achiwiriwo amasiya mpata wofunsa chimene chinalakwika. Ngati mawuwo simungamuuze mnzanu amene wagwa m'vuto ngati lanu, ndiye kuti inunso sakuyenerani.

Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7. Foni pabedi, tiyi wambiri kapena khofi madzulo, zonsezi zimachedwetsa tulo. Mowa umapusitsa kwambiri, chifukwa umagonetsa msanga koma umadzutsa munthu pakati pa usiku, ndipo m'mawa nkhawa imakhala itakula, ndalama zitachepa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti akuluakulu azigwiritsa ntchito thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, zomwe ndi mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu. Amene amakhala pansi tsiku lonse muofesi ku City Centre angatsike minibasi malo awiri asanafike kwawo n'kuyenda ndawala. Amene amayenda kale wapansi kuchokera ku Mtandire kapena ku Chinsapo kupita kuntchito, malangizo amenewa anawakwaniritsa kalekale, ndipo chimene akusowa kawirikawiri ndi kupuma.

Abambo ambiri analeredwa ndi mawu akuti mwamuna salira, ndipo mawuwa awononga miyoyo. Malipoti a apolisi m'Malawi muno amasonyeza kuti ambiri mwa anthu amene amadzipha ndi amuna. Kufotokozera mnzanu, mkazi wanu, m'busa kapena shehe sikulipira ngongole, koma vuto likatchulidwa pakamwa limayamba kuoneka kukula kwake kwenikweni, ndipo winayo amaona njira imene mwini wake sakuiona.

Zizolowezi zonsezi zili ndi malire. Ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo munthu akukhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, sakusangalalanso ndi zimene ankakonda, sakudya, sakugona kapena akulephera kugwira ntchito, amenewo akhoza kukhala matenda a maganizo, ndipo amachizika ndi uphungu, mankhwala kapena zonse ziwiri. Amayi amene angobereka kumene nawonso amagwidwa ndi matendawa. Yambirani pa chipatala chapafupi, monga cha Kawale, Area 18, Area 25 kapena Bwaila, ndipo mufotokoze za maganizowo momveka, osati za mutu wokha. Chithandizo chapadera chimapezeka ku chipatala cha St John of God mumzinda wa Lilongwe ndi ku chipatala cha matenda a maganizo cha Zomba.

Munthu akanena kuti watopa ndi moyo, kapena akayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika mosadziwika bwino, mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha, pakuti kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala ophera tizilombo m'mbewu, mankhwala a makoswe ndi zingwe pamalo amene angafikire, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.