Dzina la Sicard linapita kwina, fakitale inatsala ndi ena

Mumzinda wa Montreal ku Canada mumagwa chipale chofewa chokwana pafupifupi mamita awiri pa chaka. Kale chipalechi ankachikankhira m'mbali mwa msewu pogwiritsa ntchito mahatchi, kenako anthu n'kumachiwola ndi mafosholo kupakira m'ngolo. Mphepo ikangowomba usiku, kukacha msewu watsekekanso.

Arthur Sicard, yemwe anabadwa mu 1876 ku Saint-Léonard-de-Port-Maurice, anakulira m'mavuto amenewa. Anali mwana wa pafamu, wokagulitsa mkaka mumzinda, ndipo msewu ukatsekeka malonda ankaima. Nkhani imati nzeru anaitenga ataona makina opunthira tirigu akumeza mbewu uku n'kulavula mapesi uko. Ngati makina angatero ndi tirigu, angalephere bwanji ndi chipale? Zinamutengera zaka pafupifupi makumi atatu, anthu akumuseka, kufikira mu 1925 pamene anatulutsa galimoto yake yoyamba yochotsera chipale. Inali lole yokoka ndi matayala onse anayi. Kutsogolo kwake kunali zitsulo zopota zomwe zinkazungulira n'kumaswa chipale, ndipo injini yachiwiri inkachiponya kudzera mumpope mpaka mtunda woposa mamita 25, kapena kuchithira mu lole ina yoyenda pambali. Mu 1927 tauni ya Outremont inagula imodzi, ndipo matauni ena anatsatira.

Sicard anamwalira mu 1946, koma kampani yake inapitirira. Inakhala ndi fakitale ku Sainte-Thérèse, kumpoto kwa Montreal, komwe kuwonjezera pa makina a chipale inkapanganso mathiraki akuluakulu. Mathirakiwo ndi amene anakopa wogula.

Wogulayo anali Pacific Car and Foundry, kampani ya ku America imene William Pigott anayambitsa mu 1905 kudera la Seattle, ikupanga mabogi a sitima onyamula mitengo. Kampaniyi sinayambitse yokha mtundu wa thiraki wotchuka. Inkagula za eni. Inatenga Kenworth chakumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, Peterbilt mu 1958, ndipo mu 1967 inagula Sicard. Mu 1972 inasintha dzina kukhala Paccar.

Ine ndimaona kuti Paccar sinasamale kwenikweni za chipale. Chimene inapindula nacho ndi fakitale komanso amisiri ozolowera kumanga mathiraki kum'mawa kwa Canada. Umboni wake ndi zimene zinatsatira: ku Sainte-Thérèse kunayamba kutuluka ma Kenworth, pamene gawo la makina a chipale linachoka m'manja mwa Paccar n'kupita kwa eni ena. Dzina la Sicard linakapezeka ku Watertown m'chigawo cha New York, pansi pa kampani ya SMI-Snowblast, ndiponso ku Knowlton m'chigawo cha Quebec, momwe mulinso Montreal. Choncho munthu wofuna zipangizo za makina akale a Sicard akapita kufakitale kumene anapangidwira, apezako mathiraki okhaokha.

Fakitaleyo nayonso inatsala pang'ono kufa. Mu 1995 ogwira ntchito ananyanyala, sitirakayo inatha miyezi isanu ndi itatu, ndipo mu 1996 Paccar inalengeza kuti ikutseka. Anthu mazana angapo anatsala manja ali m'khosi. Zinatengera boma la Quebec, boma la Canada ndi thumba la ndalama la bungwe la ogwira ntchito la FTQ kulowererapo kuti kampaniyo ibweze maganizo. Fakitale inamangidwanso n'kutsegulidwa mu 1999, ndipo masiku ano imapanga mathiraki apakatikati a Kenworth ndi Peterbilt, mitundu iwiri imene madalaivala ku America amakanganirana ngati matimu a mpira, chonsecho ikutuluka pakhomo limodzi.

Chaka chomwecho cha 1996, pamene inkatseka ku Quebec, Paccar inagula DAF ya ku Netherlands, ndipo mu 1998 inawonjezera Leyland Trucks ya ku Britain. Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife a kuno, komwe chipale timangochiona pa kanema: thiraki ya DAF imene mungakumane nayo pamsewu wa M1 kapena pachipata cha Mwanza ili ndi mwini mmodzi ndi fakitale yakale ya Sicard.