Vinyo wosasa wa ku France ndi chiyambi cha ukhondo wa m'zipatala

M'chaka cha 1860 maiko a France ndi Britain anasainirana pangano lochepetsa misonkho ya katundu wodutsa pakati pawo. Alimi a mphesa ku France anaona kuti mwayi wagwa, poti msika wa ku London unali utatseguka. Koma migolo yambiri inkanyamuka muli vinyo wabwinobwino, pofika kutsidya la nyanja vinyoyo ali wosamweka: wina atasasa, wina akuwawa, wina akunanda. Ogula anayamba kudandaula, ndipo dzina la vinyo wa ku France linayamba kuipa. Nkhaniyi inafika kunyumba yachifumu, moti mu 1863 mfumu Napoleon III inapempha katswiri wa sayansi Louis Pasteur kuti afufuze chimene chikudwalitsa vinyo.

Ambiri akamakamba za vinyo m'mbiri ya dziko lapansi amathamangira ku maphwando a Aroma kapena ku Misa ndi Mgonero wa Ambuye. Ine, monga munthu wa sayansi ya zakudya, ndimaona kuti ntchito yaikulu imene vinyo anagwira inachitika pamene anawonongeka, chifukwa ndalama zimene zinkatayika m'migolo ija n'zimene zinakankhira boma kwa munthu woyang'ana tizilombo tosaoneka ndi maso.

Pasteur sanali dokotala. Anaphunzira za kemisitiri, ndipo anakulira ku Arbois, tauni ya minda ya mpesa m'chigawo cha Jura. Ngakhale kutchuka kwake koyamba mu 1848 kunachokera mumgolo, pamene ankafufuza timiyala ta asidi timene timaundana m'kati mwa migolo ya vinyo. Mu 1856, ali mphunzitsi mumzinda wa Lille ku France komweko, munthu wina wa fakitale yotcheza mowa kuchokera ku mbewu ya beet, imene mizu yake imakhala ndi shuga, anamudandaulira kuti mowa wake ukungosasa. Pasteur anatenga madontho a m'migolo yabwino ndi yoipa n'kuwaika pa maikulosikopu. Mu wabwino anaona timibulu ta yisiti tikuphukirana. Mu wosasa munadzaza tina ting'onoting'ono kwambiri, tooneka ngati tindodo.

Lero zimenezi mwana wa sekondale amazidziwa, koma nthawi imeneyo unali mkangano woopsa. Akuluakulu a sayansi, makamaka Justus von Liebig wa ku Germany, ankaphunzitsa kuti kuwira kwa mowa ndi kuphwasuka chabe kwa zinthu, kopanda chamoyo chilichonse. Theodor Schwann ndi Charles Cagniard de la Tour anali atanena kale m'ma 1830 kuti yisiti ndi yamoyo, koma anangosekedwa. Chimene Pasteur anawonjezera n'chakuti kachilombo kalikonse kali ndi ntchito yake. Yisiti imadya shuga n'kutulutsa ukali wa mowa ndi mpweya. Mabakiteriya ena amadya shuga yemweyo n'kutulutsa asidi wowawasa. Ena akapeza mpweya amasandutsa mowa kukhala viniga. Mayi wofulula masese amene amatsuka mbiya mosamala, ndipo amadziwa tsiku limene mowa udzapitirire n'kusasa, amalimbana ndi tizilombo tomweti, ngakhale satitchula maina.

Atalandira pempho la mfumu, Pasteur anabwerera kwawo ku Arbois mu 1864 n'kukhazikitsa kalabotale kongoyembekezera. Anapeza kuti nthenda iliyonse ya vinyo ili ndi kachilombo kakekake kamene munthu angakazindikire pa maikulosikopu. Mankhwala ake anali osavuta modabwitsa: kutenthetsa vinyo mpaka madigiri a pakati pa 50 ndi 60 kwa kanthawi kochepa, osamuwiritsa. Kutentha kotereku kumapha tizilombo towononga koma vinyo n'kutsala ali vinyo. Analembetsa njirayi kuboma mu 1865, ndipo chaka chotsatira anasindikiza buku la zonse zimene anapeza. Tinene chilungamo, sanali woyamba kutenthetsa chakumwa kuti chisungike. Nicolas Appert ankachita zimenezi ndi zakudya za m'mabotolo zaka 50 m'mbuyomo, ndipo mlimi wina wa mphesa wa m'chigawo cha Burgundy ku France, Alfred de Vergnette de Lamotte, anakangana naye kwa zaka zambiri kuti nzeruyo inali yake. Kusiyana kwake n'kwakuti Pasteur anafotokoza chifukwa chimene njirayo imagwirira ntchito, ndipo chifukwacho n'chimene chinatuluka mumgolo n'kukalowa m'chipatala.

Ku Glasgow, ku Scotland, kunali dokotala wa opaleshoni dzina lake Joseph Lister. Masiku amenewo kulowa m'chipinda cha opaleshoni kunali kuika moyo pachiswe. Munthu ankatha kupulumuka mpeni, koma patapita masiku chilonda n'kutukusira, mafinya n'kudzaza, thupi n'kutentha, basi maliro. Madokotala ankati vuto ndi mpweya woipa wa m'mawodi. Ankachoka pa wodwala uyu kupita pa uyo ndi chovala chomwecho chouma magazi. Dokotala Ignaz Semmelweis, amene ankagwira ntchito ku Vienna, ku Austria, anali ataonetsa mu 1847 kuti azamba ndi madokotala akamasamba m'manja ndi mankhwala a kulorini amayi ambiri samwalira pobereka, koma anzake anamukana, mwa zina chifukwa sankatha kuloza chimene manjawo ankanyamula.

Lister anawerenga zolemba za Pasteur za kuwira ndi kuwola kwa zinthu mu 1865, n'kudzifunsa kuti ngati tizilombo timawoletsa zakumwa, nanga chilonda chimawola ndi chiyani? Mwendo wa munthu sungautenthetse ngati botolo, choncho anafuna mankhwala opha tizilombo pachilonda pomwepo. Anasankha asidi wa carbolic, amene ankathiridwa m'madzi a zonyansa mumzinda wa Carlisle ku England pofuna kuthetsa fungo. Mu Ogasiti 1865 anayesa pa mnyamata wa zaka 11 amene ngolo inamuthyola mwendo fupa mpaka kutulukira kunja. Kuvulala kotere nthawi zambiri kunkathera kudula mwendo. Mnyamatayo anachira, n'kutuluka akuyenda ndi miyendo yake iwiri. Lister anafalitsa njirayi m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 1867. Ziwerengero zimene anapereka pambuyo pake n'zochepa koma zimamveka: asanayambe njirayi, mwa anthu 35 odulidwa chiwalo 16 anamwalira, ndipo atayamba, mwa anthu 40 anamwalira 6. Mu 1874 analembera Pasteur kalata yomuthokoza kuti maziko a ntchito yonseyo anawatenga kwa iye.

Zotsatira zake zinabwera mothamanga. Robert Koch anapeza kachilombo ka chifuwa chachikulu mu 1882, ndipo Pasteur mwiniwake anapereka katemera wa chiwewe kwa munthu koyamba mu 1885.

Chosekesa n'chakuti eni vinyo sanaikonde kwenikweni njira yotenthetsa ija. Ankati imapha kukoma, ndipo mpaka lero opanga vinyo wapamwamba ambiri amadalira ukhondo wa migolo, kusefa ndi mankhwala a salufa. Chakumwa chimene chinapindula kwambiri ndi mkaka. Mu 1886 Franz von Soxhlet wa ku Germany analimbikitsa kutenthetsa mkaka wopatsa makanda. Ku New York, kumene ana ambiri ankafa ndi kutsekula m'mimba nyengo yotentha, wamalonda Nathan Straus anayamba kutsegula malo ogawira mkaka wotenthetsa mu 1893, ndipo mu 1908 mzinda wa Chicago unakhazikitsa lamulo lokhudza kutenthetsa mkaka wogulitsa.

Mkaka wa m'mapaketi umene mumagula m'firiji ya kusitolo umadutsa m'makina pa madigiri 72 kwa masekondi 15 kenako n'kuziziritsidwa msanga. Uja wokhala miyezi pashelefu popanda firiji umatenthedwa kupitirira madigiri 135 kwa masekondi owerengeka. Wongokama kumene kukhola sunadutse m'zonsezi, ndipo ungathe kunyamula chifuwa chachikulu cha ng'ombe kapena brucellosis, nthenda ya ziweto imene imagwiranso anthu, ngakhale ng'ombeyo ikuoneka yonenepa. Umenewo muziyamba mwauwiritsa musanapatse mwana.