Msonkho wa masenti khumi umene unachotsa Bolivia kunyanja

Kumpoto kwa dziko la Chile kuli chigawo cha Antofagasta, chimene chayambira m'mphepete mwa nyanja ya Pacific mpaka kukagunda mapiri a Andes. Chonsecho chili m'chipululu cha Atacama, kumene malo ena amatha zaka zambiri osaona dontho la mvula. Madzi ozizira a m'nyanja ochokera kummwera, otchedwa Humboldt, salola kuti mitambo ya mvula ipangike, ndiye chomwe chimafika kumtunda ndi nkhungu chabe, imene eni dziko amaitcha camanchaca. Kum'mawa nakonso mapiri amatsekereza chinyezi chochokera ku Amazon.

Kuuma komweku n'kumene kunasunga chuma. Pansi pa nthaka panali mchere wina wotchedwa salitre, wopangira feteleza ndi wonga wamfuti. Mcherewu umasungunuka ukakhudzana ndi madzi, choncho kukanakhala kogwa mvula bwenzi utakokoloka kalekale.

Mbali yaikulu ya chigawochi poyamba inali ya Bolivia, koma boma la dzikolo linali kutali kumapiri ndipo anthu ake kugombeko anali ochepa. Amene ankakumba anali a ku Chile. José Santos Ossa anapeza salitre ku Salar del Carmen mu 1866, siliva anapezeka ku Caracoles mu 1870, ndipo tauni ya Antofagasta inadzaza ndi anthu a ku Chile, ndalama zina zikuchokera kwa Angerezi. Malo ndi a wina, makasu ndi a wina: apa mkangano sukanalephera.

Mu 1874 mayiko awiriwa anapangana kuti Bolivia asakweze msonkho pa makampani a ku Chile kwa zaka 25. Sizinathe zaka zinayi. Mu 1878, Hilarión Daza ali pulezidenti, Bolivia anaika msonkho wa masenti khumi pa muyeso uliwonse wa salitre wotuluka, muyeso wake wosafika makilogalamu 50. Kampani ya Compañía de Salitres y Ferrocarril de Antofagasta inakana kulipira, boma linalanda katundu wake n'kulengeza kuti adzagulitsidwa pa 14 February 1879. Tsiku lomwelo asilikali a Chile anatsika m'sitima n'kulanda tauniyo popanda wolimbana nawo. Peru, amene anali ndi pangano lachinsinsi la 1873 lothandizana ndi Bolivia, anakokeredwa m'nkhondoyo ndipo nayenso analuza Tarapacá ndi Arica.

Kodi Daza analakwa? Pangano analiphwanyadi, ngakhale a ku Bolivia amati chilolezo cha kampaniyo chinali chisanavomerezedwe ndi nyumba ya malamulo. Koma ine sindikhulupirira kuti dziko lingatumize zombo zankhondo chifukwa cha masenti khumi okha. Nkhondo itatha, msonkho wa salitre unkabweretsa pafupifupi theka la ndalama za boma la Chile kwa zaka zambiri, ndipo apa m'pamene panagona nkhani.

Pangano la mtendere la 1904 linapereka gombe lonse kwa Chile mpaka kalekale. Bolivia anapatsidwa ufulu wodutsitsa katundu pa madoko a Antofagasta ndi Arica, komanso njanji ya Arica mpaka La Paz, yomwe inatha mu 1913. Aliyense wa ku Malawi kapena Zambia amene anadikirirapo feteleza kapena mafuta ochokera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam akudziwa kuti ufulu wodutsa si chimodzimodzi ndi kukhala ndi doko lako. Kusiyana kwake n'koti a ku Bolivia nyanjayo anali nayo. Pa 23 March chaka chilichonse amakumbukira Eduardo Abaroa, amene anafera pamlatho wa Topáter ku Calama polimbana ndi asilikali a Chile, ndipo mpaka lero ali ndi asilikali a pamadzi, ophunzirira pa nyanja ya Titicaca.

Salitre yemwe anthu anafera uja sanakhalitse. Ajeremani atayamba kupanga feteleza kuchokera mumpweya mu 1913, msika unayamba kugwa. Midzi ya antchito, kumene ambiri ankalipidwa tizitsulo togulira m'sitolo ya kampani yokha m'malo mwa ndalama, inasanduka mabwinja. Chacabuco, umodzi mwa midziyi, inatsekedwa mu 1938, n'kudzatsegulidwanso mu 1973 ngati ndende ya otsutsa Augusto Pinochet, mkulu wa asilikali amene analanda boma la Chile.

Koma chipululu chinali chisanathe kupereka. Banja la Guggenheim linayamba kukumba mkuwa ku Chuquicamata mu 1915, kampani ya Anaconda n'kugula mgodiwo mu 1923, ndipo pa 11 July 1971, Salvador Allende akulamulira Chile, aphungu onse anavomereza kuti migodi ikuluikulu ikhale ya boma. Lero mgodi wa Chuquicamata uli m'manja mwa Codelco, kampani ya boma. Mgodi wa Escondida, womwe unayamba mu 1990 ndipo gawo lalikulu ndi la kampani ya migodi ya BHP, umatulutsa mkuwa woposa wa dziko lonse la Zambia pachaka. Ku Salar de Atacama makampani a SQM ndi Albemarle amapopa madzi amchere n'kuwayanika padzuwa kuti apeze lithium wa mabatire. Zambiri mwa izi zili m'dera limene Bolivia anataya, n'chifukwa chake bala silipola.

Boma la Bolivia, Evo Morales ali pulezidenti, linakasuma ku khoti la mayiko ku The Hague mu 2013, likufuna kuti Chile akakamizidwe kukambirana za njira yakeyake yopita kunyanja. Pa 1 October 2018 oweruza 12 mwa 15 anati Chile alibe udindo wotero. Mlandu wachiwiri unali wa madzi akumwa: kamtsinje ka Silala, kochokera ku Bolivia, kamene akuluakulu a chigawo cha Potosí m'dzikolo anapereka mu 1908 kwa kampani ya njanji kuti izimwetsa sitima zake za nthunzi. Pofika December 2022 khoti linapeza kuti mbali zonse zagwirizana kale zoti kamtsinjeko ndi ka mayiko awiri. Pa nkhani yomweyi ya madzi, Escondida inasiya kudalira zitsime za kumapiri. Imachotsa mchere m'madzi a m'nyanja ku Coloso n'kuwapopa kukwera mamita oposa 3,000 kukafika kumgodi.