Wodi ya asilikali othyoka msana ku Stoke Mandeville

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, msilikali akavulala msana madokotala ankadziwiratu mathero ake. Chipolopolocho sichinali kumupha tsiku lomwelo. Ankamugoneka pabedi, ena m'chikhakha, n'kumamupatsa mankhwala ogonetsa, basi kudikira. Munthu wofa ziwalo kuyambira m'chiuno samva kuti thako lamuwawa, choncho satembenuka. Khungu limanyuka pamene fupa ladinda matiresi, kachilonda kamakula mpaka kuola. Mkodzo nawo umakhalitsa m'chikhodzodzo, tizilombo n'kukwera mpaka ku impso. Ambiri ankamwalira pasanathe miyezi ingapo, ndipo anthu ankaona ngati ndi mmene zimayenera kukhalira.

Mnyamata wina wachiyuda wa ku Germany, Ludwig Guttmann, anaziona yekha zimenezi mu 1917 pamene ankathandiza pa chipatala cha anthu ochita ngozi ku Königshütte. Kuchipatalako anthu anabweretsa bambo wamphamvu zake wogwira ntchito mu mgodi wa malasha, msana utathyoka. Akuluakulu anamuuza mnyamatayo kuti asadzivute, munthuyu ndi wakufa kale. Patangotha masabata asanu bamboyo anamwaliradi.

Guttmann anadzakhala dokotala wa ubongo ndi mitsempha mumzinda wa Breslau. Chipani cha Nazi chitalowa m'boma mu 1933, anamuletsa kugwira ntchito m'zipatala za boma chifukwa anali Myuda, ndipo anapita ku chipatala cha Ayuda. Mu 1939 anathawira ku England ndi banja lake n'kukakhala ku Oxford. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma la Britain litayamba kukonzekera zokaukira asilikali a Germany ku France, linadziwa kuti anyamata ambiri abwerako atathyoka misana. Linamupempha kuti atsegule wodi yawoyawo pa chipatala cha Stoke Mandeville, pafupi ndi tauni ya Aylesbury. Iye anavomera, koma anati aziyendetsa wodiyo mmene akufunira, popanda womulowerera. Wodiyo inatsegulidwa pa 1 February 1944, patatsala miyezi inayi kuti asilikali akocheze ku Normandy, m'dziko la France.

Lamulo lake lalikulu linali lotopetsa: wodwala aliyense azitembenuzidwa pa maola awiri alionse, usana ndi usiku. Chagada, cham'mbali, mbali inayo, kenako kuyambiranso. Taganizani anamwino ndi owathandiza akunyamula mwamuna wamkulu pakati pa usiku mosamala kuti msana usapindike, kumuikira mapilo bwinobwino, n'kupita pa bedi lotsatira, akamamaliza mzere wonse nthawi yoyambiranso yakwana. Poyamba ogwira ntchito ena ankaona ngati n'kutaya nthawi, ndiye Guttmann ankatulukira m'wodi usiku mosayembekezereka kudzaona ngati ntchitoyo ikuchitika. Anachotsa mabedi a chikhakha. Anasiya kuboola pamimba pofuna kutulutsa mkodzo, m'malo mwake ankalowetsa kapaipi koyera bwino nthawi ndi nthawi n'kukachotsa. Mankhwala a penicillin, omwe anali atangoyamba kupezeka, anathandizanso kwambiri. Mankhwala ogonetsa aja anawachepetsa, chifukwa iye ankafuna anthu ali maso.

Kunena zoona, bamboyu sanali wophweka kukhala naye. Anali wamfupi, wokalipa, wosamva zodandaula. Odwala ankamutchula kuti Poppa, dzina lachikondi, komabe ankamuopa. Msilikali amene wangouzidwa kuti sadzayendanso amafuna kutembenukira kukhoma n'kumusiya yekha, koma ku Stoke Mandeville zimenezo kunalibe. Ukangochira zilonda ankakudzutsa, kukuika pa njinga ya olumala, kukutumiza kukalimbitsa manja ndi mapewa, kenako kukaphunzira ukalipentala, kukonza mawotchi kapena kutaipa. Cholinga chake ankachinena poyera, chakuti anthuwa abwerere kwawo akagwire ntchito n'kumakhoma msonkho ngati wina aliyense. Ena angaone ngati nkhanza, koma kwa munthu amene madokotala onse anamutaya kale, kupeza wina womukalipira kuti adzuke chinali chizindikiro choti alipo amene akumuwerengera zaka zakutsogolo.

Masewera analowa mwangozi. Tsiku lina anapeza odwala ali pa njinga zawo akumenya kachidutswa ka thabwa ndi ndodo zoyendera atazitembenuza. Iyenso anakwera njinga n'kuyesa. Anayambitsa timu, koma masewerawo ankavulaza anthu, ndiye anawasiya n'kuyamba mpira wa manja. Chimene chinagwira mtima kwambiri chinali uta ndi mivi. Kukoka uta kumalimbitsa mapewa, chifuwa ndi msana wakumtunda, minofu yomwe munthu wa pa njinga amadalira kuti akhale tsonga. Komanso pa uta, wokhala pansi amatha kupikisana ndi woimirira n'kumugonjetsa.

Pa 29 July 1948, tsiku limene mpikisano wa Olympics unkatsegulidwa ku London, pa kapinga wa chipatalacho panachitika mpikisano wa mivi. Panali anthu 16 okha, amuna 14 ndi akazi awiri, onse amene anagwirapo ntchito ya usilikali. Timu ya Stoke Mandeville inakumana ndi ya Star and Garter, nyumba yosungira asilikali olumala ku Richmond.  Mpikisanowo unayamba kuchitika chaka ndi chaka, ndipo mu 1952 kunabwera gulu la asilikali akale ochokera ku Netherlands. Mu 1960 unachitikira ku Rome, kumene kunafika osewera pafupifupi 400 ochokera m'mayiko 23, ndipo umenewu ndi umene lero timauwerenga ngati mpikisano woyamba wa Paralympics, masewera a padziko lonse a anthu olumala.

Mfumukazi Elizabeth inamupatsa Guttmann ulemu wa Sir mu 1966, ndipo anamwalira mu 1980. Wodi ija idakalipo, tsopano imalandira kwambiri anthu ovulala pa ngozi za pamsewu ndi ogwa kuchokera pamwamba. Pafupi pake pali bwalo la masewera, ndipo pamene London inachititsa Paralympics mu 2012, chidole choimira mpikisanowo anachitcha Mandeville.