Omeprazole Amabisa Kachilombo: Uthenga kwa Odwala Zilonda Zam'mimba ku Zomba

Ambiri kuno ku Zomba akamva kutentha pamtima amayamba agula omeprazole (mankhwala ochepetsa asidi m'mimba) kapena makapisozi a amoxicillin, kuchipatala n'kubwera pambuyo. Akayezedwa, zotsatira zimati mulibe kanthu, pomwe kachilombo koyambitsa zilonda zam'mimba kangogona m'chifu. Chonde lekani chizolowezi chimenechi.

Zilonda zambiri zam'mimba sizibwera ndi njala kapena kuganiza kwambiri. Gwero lake ndi bakiteriya wotchedwa Helicobacter pylori, amene amalowera pakamwa, kawirikawiri tili ana, komanso kumwa pafupipafupi Brufen, Indocid ndi aspirin. Bakiteriyayu akakhalitsa angathenso kuyambitsa khansa ya m'mimba.

Njira imodzi yopezera bakiteriyayu ndi kuyeza mpweya umene mumapuma, ndipo sikufuna jakisoni. Mumabwera musanadye, monga akuuzirani a dokotala, n'kuuzira m'kathumba koyamba. Kenako mumamwa madzi osungunuliramo mankhwala otchedwa urea, wokhala ndi chizindikiro chapadera. Bakiteriya akakhalamo amaswa ureayo, chizindikirocho n'kudutsa m'magazi mpaka m'mapapo. Pakatha mphindi 15 mpaka 30 mumauziranso m'kathumba kachiwiri, makina n'kufananiza mpweya wa matumba awiriwo.

Apa ndiye pagona vuto. Omeprazole amafooketsa bakiteriya osamupha, ndipo wofookayo saswa urea wokwanira kuti makina amuone. Choncho siyani omeprazole masabata 2 musanayezetse. Ngati munamwa mankhwala opha mabakiteriya monga amoxicillin, ngakhale munamwera chifuwa kapena dzino, papite masabata 4 musanayezetse. Ngati ndi mankhwala amene munalemberedwa kuchipatala, musasiye panokha, kambiranani kaye ndi a dokotala. Ngati mwamwapo dzulo, nenani, sitikukalipirani. Tingokusinthirani tsiku, ndipo ululu ukakula pali ena oziziritsa m'mimba monga magnesium trisilicate.

Kumene kulibe makina a mpweya amayeza chimbudzi, ndipo malamulo a masabatawa ndi omwewo. Kuyeza magazi kokha sikusiyanitsa matenda akale ndi alero.

Akakupezani naye, mankhwala ake ndi ophatikiza, nthawi zambiri a masiku 14. Malizani onse ngakhale mutamva bwino pa tsiku lachitatu, ndipo musagawireko wina. Pakadutsa masabata 4 mutamaliza mankhwalawo mukayezetsenso, apanso patapita masabata 2 osamwa omeprazole.

Koma mukasanza magazi, mukachita chimbudzi chakuda ngati phula, mukamaonda osadziwa chifukwa, kapena nsima ikamakanika kumeza, musadikire masabata aliwonse. Pitani lero lomwe ku Matawale, ku Zomba Central Hospital kapena kuchipatala chimene muli nacho pafupi.