Ya £2,000 ija inatha kale, musapusitsidwe

Funso lake ndi lomwelomwelo pagalaja panga kuno ku London: "Amakaniko, akuti boma likugula magalimoto akale?" Abale anga, zinatha. Ndondomeko imeneyo inali ya TfL, bungwe loona za mayendedwe mu London, pansi pa meya Sadiq Khan, ndipo inatsekedwa mu Seputembala 2024. Ankapereka mpaka £2,000 kwa amene waphwanyitsa galimoto yosakwanira malamulo a utsi a ULEZ, dera la London lomwe magalimoto otulutsa utsi wambiri amalipira akayendamo. Chotsala lero ndi £12.50 yomwe galimoto yotere imalipira tsiku lililonse ikayenda basi. Aliyense amene akuti akuthandizani kutapa £2,000 ija mukamupatsa kangachepe, ameneyo ndi wakuba.

Chinanso, lekani kuweruza galimoto ndi ukalamba wake. Ya petulo ya 2007 nthawi zambiri imadutsa pa ULEZ, chifukwa ikufunika mlingo wa utsi wa Euro 4 wokha. Ya dizilo ya 2013, yonyezimira bwino, imagwa, chifukwa kumeneko akufuna Euro 6. Kuti mudziwe za yanu, lembani nambala ya galimoto pa webusaiti ya TfL yeniyeniyo, chifukwa ziliko zina zabodza zongodyera anthu.

Koma imene imandiwawabe ndi ya mayi wina wosamalira okalamba, wa mashifiti a usiku. Tsiku la ULEZ limasintha pakati pa usiku, ndiye iwo akanyamuka 8 koloko madzulo n'kubwerera m'mawa, ankalipira kawiri, £25 pa shifiti imodzi. £2,000 ija akanailandira ndithu. Koma atapeza kapepala ka ogula magalimoto akale pa windisikirini, anaimba foni, kunabwera mnyamata ndi lole, anawawerengera timapaundi m'manja, galimoto ulendo. Pomwepo panali polakwika kale, chifukwa lamulo la 2013 limaletsa kugula zitsulo zophwanya ndi kashi. TfL inkafuna kuti muyambe mwavomerezedwa, kenako mupite kwa ophwanya a chilolezo, akupatseni Certificate of Destruction, chikalata chotsimikiza kuti galimoto yaphwanyidwa. Mayiwa analibe chilichonse. Ngakhale DVLA, ofesi yolembetsa magalimoto, sinauzidwe kuti galimoto yachoka m'manja mwawo, V5C, ija kwathu timati blue book, inali idakali m'dzina lawo.

Galimotoyo sinaphwanyidwe n'komwe. Inkayendabe mumsewu, ndipo makalata a chindapusa, £180 iliyonse, ankagwera pakhomo pawo. Anabwera nawo kwa ine patatha miyezi, ali m'jumbo, ena osatsegula chifukwa cha mantha. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, nambala ya mnyamata uja muli nayo?" Anali nayo, koma inali itasiya kulowa.