Ankhoswe ndi nkhondo: komwe mkangano wa amalume ndi abambo unayambira

Pa 4 Okutobala chaka chilichonse dziko la Mozambique limakumbukira pangano la mtendere lomwe Pulezidenti Joaquim Chissano wa chipani cha Frelimo ndi mtsogoleri wa Renamo, Afonso Dhlakama, anasainirana ku Rome mu 1992, kuthetsa nkhondo yapachiweniweni. Zolankhula za tsikulo zimakhala za mfuti, asilikali ndi atsogoleri. Koma kuno kumpoto kwa Zambezi, ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, nkhondo ija inasiya mlandu wina womwe ukuzengedwabe m'makomo: banja likagwedezeka woyamba kuitanidwa ndani, nanga likatha ana atsala ndi yani? Akuluakulu amati boma ndi malamulo ake ndilo linavula ankhoswe ulemu. Abambo achinyamata, makamaka olima fodya ndi mbatata ya kachewere, amati makope amagula ndi iwo, kuchipatala amathamanga ndi iwo, tsono amalume akudzalamula chiyani? Onsewa amaloza malamulo a banja a 2004 ndi 2019. Ine ndikuona kuti malamulowo anapeza zinthu zitasuntha kale.

Mwambo wakale umadziwika. Mnyamata akapeza mbeta, amalume ake kapena akulu ake ankapita kukaonekera kuchikazi, ndipo mbali iliyonse inkaika nkhoswe yake. Mwamuna ankamanga nyumba kwa mkazi n'kulima munda wa kumeneko. Ana anali a mbumba ya mayi, mwinimbumba ali mlongo wa mayiyo. Ntchito ya nkhoswe sinkathera pa tsiku la chinkhoswe. Matenda akagwa, nkhoswe imve. Mimba ikaoneka, nkhoswe imve. Maliro sankalengezedwa iyo isanadziwe, ndipo mfumu sinkakhudza mlandu wa banja ankhoswe asanauyese. Mkazi akakangana ndi mwamuna usiku, amayi ake ndi abale ake anali pamtunda woti mfuu ifika. Zowawa za mkamwini zinaliponso, tisabise. Mawu oti mkamwini asamakule mwendo sanabadwe chabe, ndipo bambo ankatha kusudzulidwa n'kunyamuka ndi bulangeti lokha, kusiya ana, nkhokwe ndi mitengo yomwe anabzala yekha.

Zolembedwa za nthawi imeneyo ziyenera kuwerengedwa mosamala. António Rita-Ferreira anatulutsa kafukufuku wa Achewa a ku Macanga mu 1966, koma iye anali wa boma la atsamunda, ndipo wofunsa wotere amamva kwambiri mafumu ndi amuna. Mawu a amayi m'zolemba za nthawiyo ndi ochepa. Kings Phiri, polemba za Achewa a ku Malawi mu 1983, anaonetsa kuti chikamwini chinali chikukankhidwa kale kuyambira zaka za m'ma 1800, koma sichinagwe. Zomwezo zikugwirizana ndi kuno. Angoni a Maseko atakhazikika ku Domwe, m'dera la Angónia, cha m'ma 1870 anabwera ndi malowolo ndi mwambo woti ana ndi a bambo, komabe iwo eni anatengera Chichewa n'kusakaniza miyambo. Malire a 1891 anadula mabanja pakati. Ansembe a ku mishoni ya Lifidzi ankaphunzitsa kuti mutu wa banja ndi mwamuna. Chibalo ndi maulendo a ku Rhodesia zinachotsa amuna m'midzi, ena n'kukhala machona, ndipo zimenezi zinangowonjezera katundu pa amalume otsala.

Ena amaika chala pa 1975, chaka chomwe Mozambique inalandira ufulu. N'zoona kuti Frelimo inachotsa mphamvu za mafumu, ndipo bungwe la amayi la OMM linkadzudzula malowolo, mitala, chinamwali ndi maukwati a ana. Koma nyengoyo inali yaifupi, ndipo anthu ankavomera pamsonkhano masana n'kukachita zawo usiku. Mbumba inali ikadali pamalo amodzi.

Chinabalalitsa mbumba ndi kuthawa. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri a Chijezuiti, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera, m'dera la Angónia, ndipo anthu anaona kuti palibenso wotetezeka. Mu 1986 midzi yathunthu inakhuthukira ku Malawi. Pofika 1992 dziko limenelo linali ndi othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, gulu lina lalikulu lili ku Dedza ndi ku Ntcheu, komwe msewu waukulu umayenda m'malire enieni, mbali ina nyumba zothithikana, mbali ina mabwinja. Munthu sathawa motsata bele lake. Amathawa ndi amene wagona naye nyumba imodzi usiku umenewo. Mlongo anatulukira ku Lizulu, mchimwene wake ku Dedza, wina anatengedwa ndi asilikali, wina anakafika ku Ukwimi m'dziko la Zambia, wina mumzinda wa Tete. Mwana wobadwa mu 1985 ankatha kufika zaka zisanu ndi zitatu asanaone nkhope ya amalume ake.

Taganizirani zomwe zinachitikira chikamwini kumeneko. Mphamvu ya mkazi ndi abale ake inali pa nthaka: munda ndi wathu, dimba ndi lathu, iwe unabwera. Kothawira kunalibe munda wa mkazi, kunalibe wa mwamuna; onse anali alendo pa kamalo kopemphedwa kwa nyakwawa ya eni dziko. Ufa, nyemba ndi mafuta zomwe a Red Cross ankagawa zinkayendera khadi, ndipo khadi linkawerenga anthu a pakhomo, osati a pambumba. Kwa nthawi yoyamba khomo la mwamuna, mkazi ndi ana awo linaima palokha pamaso pa olemba mayina. Zosowa zina zinkapezeka ndi ganyu m'minda ya eni mudzi, kugulitsa nkhuni, kapena kuzemba kubwerera kwawo kukakumba chakudya, ulendo womwe ena sanabwereko. Amene wabweretsa mchere ndi sopo ndiye anali ndi mawu.

Nanga achinyamata akanadikira nkhondo ithe kuti akwatirane? Maukwati ambiri anamangidwa ndi ankhoswe obwereka: mnansi wa pamsasa, mkulu wa mpingo, munthu wongochokera dera limodzi. Anthu amenewa anagwira ntchito yabwino, koma sanali omangika ndi magazi, ndipo mtendere utabwera aliyense analowera kwake. Atsikana ena anakwatiwa ndi eni dziko, ena mwachikondi, ena chifukwa cha njala, makamaka m'chilala cha 1992. Mtsikana wotere anali mtengwa popanda chiongo, popanda mlongo woti akam'dandaulire.

Pano ndiyenera kumvetsera wotsutsa. Harri Englund, yemwe anakhala m'midzi ya m'malire a Dedza ndi Angónia n'kutulutsa buku lake mu 2002, anaonetsa kuti ambiri sanafikire kwa alendo; analandiridwa ndi abale ndi abwenzi a tsidya linalo, ndipo ubale ndiwo unkasankha komwe munthu athawire ndi mmene akhalire. Kunena kwina, nkhondo inadzutsanso maubale omwe anali atagona. Zimenezi n'zomveka kwa anthu a m'mphepete mwa malire, omwe manda awo ndi amodzi ndi a Dedza. Koma iye anayang'ana midzi yochepa, ndipo wochokera ku Furancungo kapena ku Fingoé analibe azakhali pafupi ndi msewu wa Ntcheu. Ngakhale kwa olandiridwa bwinowo, wokusunga sindiye mwinimbumba wako.

Anthu pobwerera mu 1993 ndi 1994 anapeza minda itamera tchire, ina italowedwa ndi ena, ina yoopsa ndi mabomba okwirira. Banja linkamanga pomwe papezeka malo, osati pomwe mwambo ukunena. Kenaka kunabwera fodya wa makontirakiti, dzina lolembedwa kukampani nthawi zambiri lili la bambo, ndalama n'kumafikira m'manja mwake. Munthu wogula malata safuna kukhoma nyumba pamalo poti mawa angauzidwe kuti anyamuke. Chitengwa chinakula motero, mwakachetechete.

Ndiye lamulo la 10/2004 linabwera. Linavomereza ukwati wa kuboma, wa kutchalitchi ndi wa mwambo, malinga ngati uli wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi; linachotsa zoti mwamuna yekha ndiye mutu wa banja; linaika udindo wa ana pa bambo ndi mayi onse awiri. Amalume mulibemo. Mu 2009 kunabwera lamulo lolanga nkhanza za m'banja kwa amayi, ndipo mu 2019 lamulo la 19/2019 linaletsa kukwatitsa aliyense wosakwana zaka 18, pomwe la 22/2019 linatseka mpata wakale wa zaka 16 makolo akavomera. Odandaula za malamulowa azikumbukira kuti ankhoswe ena ndiwo ankalandira nkhuku pa mwana wa sukulu, ndipo ena ankabweza mkazi wotupa maso ndi mawu oti banja ndi kupirira. Bambo amene wachezera usiku ndi mwana wodwala malungo ali ndi chifukwa chokanira kutchedwa mlendo pakhomo pake.

Komabe mtima wanga umapita kwa mtengwa. Khoti lili ku Ulongué, likulu la Angónia, apolisi oona za mabanja ali kuboma, ndipo onsewa amafika zinthu zitaonongeka kale. Nkhoswe yeniyeni inkafika mkangano ukadali waung'ono, ikudziwa kupsa mtima kwa mwamunayo kuyambira ali mwana, ikudziwanso zomwe mkaziyo sanganene pagulu. Amuna ambiri anabwerako kunkhondo ndi zinthu zomwe sanauzepo munthu, n'kuzithira m'kachasu, ndipo ana awo ndiwo akulera mabanja lero. Mkazi wokhala pakati pa abale a mwamuna okhaokha alibe khomo loti agogode usiku.

Makhoti a m'midzi anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992, ndipo mu 2000 boma linazindikiranso mafumu. Pabwalo la mfumu funso loyamba likadali lakale lija: ankhoswe anu ali kuti? Mabanja ambiri tsopano ali ndi ankhoswe apawiri, a magazi ndi a kutchalitchi, ndipo amene amafika msanga ndi a kutchalitchi. A magazi aja amayankhira pafoni ali ku Moatize, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, ndipo mlandu umaimitsidwa mpaka adzapeze ndalama yokwerera.